Mmene Kompyuta Inkaimbira Lamya: Ulendo Wautali wa Intaneti Kukafika ku Mlare

Munthu woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Chilumba kulowera ku boma la Karonga amadutsa pa Mlare, dera la chigwa lotentha, limene lili ndi nyanja kum'mawa ndi mapiri kumadzulo. Masiku ano si chachilendo kuona mnyamata wongomaliza kumene Folomu 4 atakhala pansi pa mtengo wa mango pamalopo, maso ali pa foni ya m'manja, akufunafuna dzina lake pa mndandanda wa ophunzira osankhidwa kupita ku koleji. Akalipeza amadumpha ndi chimwemwe. Akapanda kulipeza amatumiza uthenga kwa mnzake wa ku Mzuzu kuti amuonerenso bwino, ndipo yankho limabwera mphindi isanathe. Mnyamata wotereyu angadabwe atamva kuti m'chaka cha 1998 zimene iye akuchita ndi chala chimodzizi zinkafuna magetsi, nthambo ya lamya, makina awiri, ndalama zochuluka ndiponso mtima wodekha kwambiri.

Mbiri ya mmene kompyuta ya m'nyumba inkalumikizidwira ku intaneti m'masiku oyambirira ndi yofunika kwa ophunzira ndi aphunzitsi omwe, pakuti imaonetsa poyera chinthu chimene foni ya lero imabisa. Intaneti ndi msewu womangidwa ndi anthu ndipo woyendamo aliyense amalipira. Tsono amene akhala kutali ndi msewuwo ndiye amalipira zambiri. Anthu a ku Mlare akudziwa bwino choonadi chimenechi, chifukwa m'zaka zimenezo iwo anali kumapeto kwenikweni kwa njira.

Nthambo zoyamba

Boma la Karonga silinayambe dzulo kuona nthambo zonyamula mauthenga. Zaka za m'ma 1890 zisanathe, kampani ya African Transcontinental Telegraph, imene Cecil Rhodes anaikhazikitsa ndi maloto olumikiza Cape Town ndi Cairo, inali itafikitsa nthambo yake ku Karonga motsata gombe la nyanja. Nthambo imeneyo inkanyamula mauthenga a atsamunda ndi amalonda, pamene mwini dziko ankangoiona ikudutsa pamwamba pa munda wake. Patapita zaka, lamya inafika m'mapositi ofesi, m'maofesi a boma ndi m'mamishoni, koma m'nyumba za anthu wamba a kumudzi sinalowe.

Kunja kwa Afrika zinthu zinkathamanga. M'chaka cha 1969 akatswiri a ku America analumikiza makompyuta a m'masukulu angapo a ukachenjede pa njira yotchedwa ARPANET, ndipo pa 1 Januwale 1983 njirayo inayamba kutsata malamulo otumizira mauthenga otchedwa TCP/IP, amene intaneti ikutsatabe mpaka lero. M'chaka cha 1989 Tim Berners-Lee, Mngelezi wogwira ntchito ku bungwe la CERN pafupi ndi Geneva, analemba maganizo ake a masamba olumikizana amene anadzatchedwa World Wide Web, ndipo mu Epulo 1993 bungwelo linalola kuti aliyense agwiritse ntchito luso limeneli kwaulere. Kuyambira pamenepo mabanja a ku Ulaya ndi ku America anayamba kugula makompyuta ndi cholinga chowalumikiza ku lamya za m'nyumba zawo.

Kalata zoyenda usiku

Kuno ku Malawi khomo loyamba linatsekuka ku Zomba. M'zaka za 1993 ndi 1994, pamene dziko linali kalikiliki ndi riferendamu ndi chisankho cha matipate, Dr Paulos Nyirenda, mphunzitsi wa Physics pa Chancellor College, anakhazikitsa njira yotumizira makalata a pa kompyuta, amene lero amatchedwa maimelo. Njirayo inatsamira pa luso la FidoNet, limene Tom Jennings analiyambitsa ku America m'chaka cha 1984.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kofanana ndi ka positi ofesi. Munthu ankalemba kalata pa kompyuta yake, kenaka kompyutayo inkaimba lamya ku kompyuta yaikulu ya ku Zomba, n'kusiya kalatayo, n'kutenga ena amene anali kumudikira, n'kudula lamya. Pa nthawi zoikika kompyuta ya ku Zomba inkalankhulana ndi inzake ya ku South Africa, ndipo ziwirizi zinkapatsana mitolo ya makalata monga achitira anthu onyamula matumba a mtokoma. Yankho linkatha kufika tsiku lomwelo kapena mawa lake. Kwa munthu wozolowera kudikira masabata awiri kapena atatu kuti kalata ya pandege ibwere kuchokera ku London, chimenechi chinali chozizwitsa. Koma masamba a intaneti sankaoneka pa njira imeneyi. Inali ya makalata okha.

Anansi athu a ku Zambia anatsogola, pakuti kampani ya ZAMNET, yobadwira pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka, inalumikiza dzikolo ku intaneti yathunthu m'chaka cha 1994. Malawi anadikira mpaka 1997, chaka chimene kampani ya MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti ku Blantyre, ndiponso chimene dzikoli linapatsidwa chizindikiro chake cha .mw. Chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la zamtokoma ndi mauthenga, limene linabala bungwe la MACRA. Posakhalitsa panadzanso Malawi SDNP, ntchito yothandizidwa ndi bungwe la UNDP, imene inali ndi likulu lake pa Polytechnic ku Blantyre. Njira yaikulu yolumikizira dzikoli ndi maiko akutali inali ya setilaiti, ndipo anthu a ku Limbe akukumbukira mbale zikuluzikulu za ku Kanjedza zoloza kumwamba. Njira ya setilaiti inali yodula ndi yopapatiza, motero mtengo wake unkagwera wogula aliyense.

Mitsinje isanu yoti awoloke

Kuti nkhaniyi imveke bwino, awerengi ayerekeze mphunzitsi wa sekondale wokhala ku Mlare m'chaka cha 1998, amene mbale wake wophunzira kunja wamutumizira kompyuta yogwirapo kale ntchito. Mphunzitsiyu akufuna kuti azilemberana makalata ndi mbale wakeyo ndiponso kuti azipeza zophunzitsa zatsopano. Patsogolo pake panali mitsinje isanu.

Woyamba unali magetsi. Kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2000 anapeza kuti m'dziko lonse nyumba pafupifupi 5 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinali ndi magetsi, ndipo kumidzi inali nyumba imodzi pa 100. Boma la Karonga linali ndi mwayi wa siteshoni ya magetsi ya pa mtsinje wa Wovwe, imene inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1995, koma kuti nthambo ichoke pa mtengo wa m'mbali mwa msewu n'kulowa m'nyumba ya mphunzitsi panafunika ndalama zina. Kompyuta ya masiku amenewo, yokhala ndi bokosi lalikulu ndi galasi lolemera ngati wailesi ya kanema, inkazima nthawi yomweyo magetsi akangophethira, ndipo zonse zimene munthu sanasunge zinkatayika.

Wachiwiri unali lamya. Kalembera wa m'chaka cha 1998 anapeza anthu pafupifupi 9.9 miliyoni m'Malawi, koma lamya za nthambo m'dziko lonse sizinkafika 50,000, ndipo zambiri mwa izo zinali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Wofuna lamya ankalembetsa dzina ku bungwe loona za mtokoma ndi lamya, n'kuyamba kudikira, nthawi zina kwa zaka. Kumalo kumene lamya inkadzerabe kwa opareta, kompyuta inalibe chochita, pakuti makina sangapereke moni kwa opareta ndi kumupempha nambala.

Wachitatu unali modemu, kabokosi kokhala ndi timagetsi tophethiraphethira, kamene kankaikidwa pakati pa kompyuta ndi nthambo ya lamya. Kompyuta imasunga zonse m'manambala awiri okha, 0 ndi 1, pamene lamya inapangidwa kuti izinyamula mawu a munthu. Ntchito ya modemu inali kusandutsa manambalawo kukhala kulira kokwera ndi kotsika kumene nthambo ingathe kunyamula, ndipo modemu ya mbali inayo inkabwezeranso kulirako m'manambala. Kunena mwachidule, inali womasulira pakati pa zinenero ziwiri. Zipangizo zimenezi zinkagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, choncho kugwa mphamvu kwa kwacha mu Ogasiti 1998 kunakweza mitengo yake koopsa.

Wachinayi unali kampani yogulitsa intaneti. Mphunzitsi anayenera kulembetsa, kulipira mwezi ndi mwezi, ndi kulandira zinthu zitatu: nambala ya lamya yoti kompyuta iziimba, dzina lolowera ndi mawu achinsinsi. Apa ndi pamene mtunda unkaluma. M'zaka zoyambirira makina olandira lamya za makompyuta anali m'mizinda ikuluikulu yokha. Munthu wa ku Blantyre ankaimba lamya ya m'tauni momwemo, pamene wa ku Mlare ankaimba lamya yamtunda wautali, yolipiridwa pa mphindi iliyonse, ndipo Blantyre ili pa mtunda wa makilomita oposa 800 kuchokera ku Karonga. Motero anthu awiri owerenga tsamba limodzimodzi ankalipira mosiyana kwambiri, ndipo wolipira zambiri anali yemwe uja wopeza zochepa.

Wachisanu unali nzeru. Panalibe sitolo yapafupi yokonza makompyuta, ndipo mabuku olangiza onse anali a Chingerezi chovuta. Pa Windows 95 munthu ankayenera kulemba yekha manambala a makina a kampaniyo, kusankha khomo limene modemu yalumikizidwako, ndi kuuza modemu ngati lamya ya kwawo ndi yamakono yoimba ndi timaliwu kapena yakale yozunguza ndi chala. Kulakwitsa kadontho kamodzi kunali kokwanira kuti zonse zikane. Pamenepa mwambi wakuti safunsa anadya phula unkagwira ntchito, koma vuto linali lakuti woti n'kumufunsayo ankakhala ku Mzuzu kapena ku Lilongwe.

Usiku wolumikiza

Mphunzitsi amene wawoloka mitsinje yonseyi ankayamba ndi kuchenjeza a m'nyumba kuti wina asakhudze lamya, chifukwa nthambo inali imodzi, ndipo munthu akangonyamula chomvera, kulumikizana kunkaduka pomwepo. Kenaka ankalamula kompyuta kuti iimbe. Modemu inkayamba ndi kung'ung'udza, n'kutchula nambala, kenaka n'kulira mokhala ngati mluzu wosakanizika ndi mkokomo wa mvula pa malata. Kulira kumeneko kunali kukambirana kwa mamodemu awiri, kuyesa nthambo ndi kugwirizana za liwiro limene onse angakwanitse. Phokoso likatha mwadzidzidzi, munthu ankapuma, podziwa kuti walowa. Nthawi zina nambala inkapezeka yotanganidwa, ndipo ankabwereza kasanu kapena kakhumi.

Liwiro lake liyenera kufotokozedwa ndi manambala kuti achinyamata a lero alimvetse. Uthenga umayezedwa ndi timagawo totchedwa mabiti, ndipo chilembo chimodzi chimatenga mabiti 8. Modemu yotchuka ya kampani ya Hayes ya m'chaka cha 1981 inkanyamula mabiti 300 pa sekondi, kutanthauza zilembo pafupifupi 30. Pofika 1994 kunabwera mamodemu a mabiti 28,800 pa sekondi, ndipo m'chaka cha 1998 kunavomerezedwa a 56,000. Pa liwiro la 28,800, tsamba lathunthu la mawu otaipa linkadutsa pa sekondi imodzi, koma chithunzi chimodzi cha megabaiti imodzi chinkatenga pafupifupi mphindi 5. Pa nthambo yakale, yodzaza ndi phokoso, liwiro linkatha kutsika kufika pa 9,600, ndipo chithunzi chomwecho chinkatenga mphindi 14, chikuoneka pang'onopang'ono kuyambira kumutu kutsikira kumapazi, kwinaku ngongole ya lamya ikukwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumeneku kunali kogula ndi ndalama.

Nyengo ya dzinja inkabweretsa mdani wina. Mphezi ikagunda nthambo ya lamya, ngakhale kutali, mphamvu yake inkayenda mpaka m'nyumba n'kuotcha modemu. Anthu ochenjera ankazula nthambo zonse akangoona mitambo yakuda ikusonkhana pamwamba pa nyanja.

Chifukwa cha mavuto amenewa, ogwiritsa ntchito intaneti oyambirira anaphunzira mwambo wosamala. Ankalemba makalata onse lamya isanaimbidwe, pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga Eudora kapena Pegasus Mail, ndipo akalumikiza ankatumiza onse pamodzi, n'kulandira obwera, n'kudula msanga, n'kumawerenga pambuyo pake mosathamanga. Pofufuza masamba ankatseka zithunzi kuti mawu okha abwere, ndipo tsamba lofunika ankalisunga pa kadisiki kuti asadzalilipirenso kachiwiri. M'malo ambiri sukulu yonse, mishoni kapena ofesi inkakhala ndi keyala imodzi yokha ya imelo. Wolemba kalata ankaika dzina la mwini wake pamutu, ndipo woyang'anira kompyuta ankaisindikiza pa pepala n'kuipereka kwa wapanjinga. Chinsinsi panalibe, pakuti kalata ya maliro, ya ngongole ngakhale ya chibwenzi inkayamba yadutsa m'maso mwa wosindikizayo.

Njira imene inafika

Zoona zake n'zakuti aphunzitsi owoloka mitsinje isanu ija anali owerengeka m'dziko lonse. Pofika chaka cha 2000, ogwiritsa ntchito intaneti m'Malawi sankafika ngakhale munthu mmodzi pa anthu 500. M'boma la Karonga kompyuta inkaoneka makamaka m'maofesi a mabungwe, monga la ofufuza za khate ndi chifuwa chachikulu ku Chilumba, limene linayamba ntchito yake m'chaka cha 1979. Wophunzira wofuna kutumiza imelo ankadikira mpaka m'matauni mutatsekulidwa nyumba zolipiritsa makompyuta pa mphindi. Kwa wa ku Mlare, poyamba zimenezi zinkatanthauza kukwera basi, kudutsa zitunda za Chiweta, ulendo wa makilomita pafupifupi 200 kukafika ku Mzuzu, kalata ili kale pa kadisiki m'thumba.

Chimene chinasintha zinthu chinadzera khomo lina. Kampani ya TNM inakhazikitsidwa m'chaka cha 1995, ndipo Celtel inayamba m'chaka cha 1999. Iyi inadzatchedwa Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Poyamba foni za m'manja zinali za anthu olemera a m'tauni, koma nsanja zinamka zimera m'mbali mwa misewu, makadi a mayunitsi anafika m'maokala, ndipo foni zinatsika mtengo. Nsanja imodzi inkatumikira midzi yambiri popanda kukoka nthambo kupita kunyumba iliyonse, ndipo foni inkatha kutchajidwa pa sola kapena pa batire ya galimoto. Mitsinje iwiri yoyamba ija inapeza mlatho.

Nayonso njira yopita kunja inakula. M'chaka cha 2009 nthambo ya pansi pa nyanja yamchere ya SEACOM inafika m'magombe a kum'mawa kwa Afrika, ndipo ya EASSy inatsatira mu 2010. Nthambo zimenezi zili ndi timaulusi tagalasi tonyamula mauthenga ndi kuwala. Cha m'ma 2015 kampani ya SimbaNET inamaliza kuyala nthambo yotere kuchokera ku Lilongwe kukafika ku malire a Tanzania pa Songwe. Chotero boma la Karonga, limene m'chaka cha 1998 linali kumchira kwa njira, linasanduka limodzi la makomo amene intaneti imalowera m'dziko muno.

Chotsalira kwa ophunzira ndi aphunzitsi

Komabe agogo amene anaona nthambo ya telegalamu ikudutsa pamwamba pa minda yawo anasiya phunziro: kudutsa kwa nthambo pafupi ndi mudzi sikutanthauza kuti mudziwo wapindula. Mitsinje itatu yotsala ija idakalipo, ingosintha maina. Modemu lero ili m'kati mwa foni, ndipo mphunzitsi amene amalumikiza laputopu yake kudzera pa foni akuchita ndendende zimene ankachita mnzake wa mu 1998. Ngongole ya lamya yasanduka bandulo, imene imatha mosaoneka. Ndipo nzeru ikufunikabe monga kale, mwina kuposa kale, chifukwa masamba achuluka ndipo abodza asakanizika ndi oona.

Pa chifukwa chimenechi mwambo wa anthu oyambirira aja ndi chuma kwa wophunzira amene ndalama ya bandulo amachita kupempha kwa makolo ogulitsa mpunga kapena usipa. Wofunsira ntchito kapena malo ku koleji alembe kalata yake yonse ndi kuikonza asanatsekule intaneti. Wofuna mapepala a mayeso akale adziwiretu chimene akufuna, achikopere kamodzi, achisunge, ndipo agawireko anzake popanda aliyense kulipiranso. Zithunzi ndi makanema zimadya bandulo mofulumira kuposa mawu, monga momwe zinkadyera mphindi za lamya, choncho foni iuzidwe kuti isamakopere yokha zinthu zimene mwini wake sanapemphe. Mawu achinsinsi asapatsidwe kwa munthu wina, ngakhale wothandiza kulembetsa, kuopa kubwerera ku masiku aja pamene kalata ya munthu inkawerengedwa ndi wosindikiza.

Kwa aphunzitsi udindo ndi wokulirapo. Foni imathandiza kuwerenga ndi kucheza, koma kutaipa lipoti, kukonza ndandanda ya malikisi kapena kusunga mabuku a ndalama za gulu la alimi kumafuna kompyuta yeniyeni ndi zala zozolowera. Phunziro la makompyuta lilipo pa mayeso a MSCE, ndipo Yunivesite ya Mzuzu, imene inalandira ophunzira ake oyamba m'chaka cha 1999, imaphunzitsa luso limeneli m'chigawo chomwecho cha kumpoto. Koma mwana amene sanakhudzepo kiyibodi amafika kumeneko ali m'mbuyo mwa anzake a m'tauni. Sukulu imene ili ndi kompyuta ngakhale imodzi yokha isaitsekere mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu itafundidwa nsalu. Ikonze ndandanda yoti ana aziigwira mosinthana, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi aphunzire kuikonza ikavuta, kuti woti n'kumufunsa asakhalenso ku Mzuzu.

Mnyamata uja wa pansi pa mtengo wa mango akadina foni yake, uthenga umauluka kupita pa nsanja yapafupi, n'kulowa m'nthambo yagalasi, ndipo ngati tsamba limene akufuna lili kutsidya kwa nyanja yamchere, ukhoza kutulukira pa Songwe, kukafika ku Dar es Salaam, n'kumira pansi pa madzi, n'kubwerera ndi yankho iye asanaphethire kawiri. Ulendo wonsewo uli ndi eni ake ndi mtengo wake. Mnyamata amene akudziwa zimenezi adzayamba waganiza chimene akufuna asanatsekule bandulo yake, ndipo ikadzatha adzakhala atatolapo kanthu.